Kampira ka Sikudhani

Ku Msumba kuno munthu akamwalira, misozi isanagwe n'komwe, anthu ankayamba afunsa kuti, "A Albertina auzidwa?" Albertina ndine. Sindine mfumu, sindine mkulu wa mpingo, ndipo sukulu ndinalekezera kalasi yachitatu. Koma kwa zaka makumi atatu ndine ndinkadziwa kuti uthenga wa maliro upite kwa yani, uyambire khomo liti, ndiponso ndani amene ukamudumpha sadzapondanso pabwalo pako. Ankhoswe nawo asanamange ukwati ankadzera kwa ine kudzafunsa ngati magazi sakukumana penapake.

Musaiyese ntchito yamasewera. Nkhondo inatimwaza ife: ena ku Likoma, ena ku Nkhotakota, ena anakwera mapiri. Pobwerera tinabwera ndi ana obadwira kutsidya, maina osinthidwa, maukwati awiriawiri. Chibale chathu chinapotana ngati ukonde umene mwadutsa ng'ona, ndipo wotha kuchimasula ndinali ine ndekha. Sindibisa, ndinkakomedwa nazo. Pamaliro mkeka wanga unkayalidwa pafupi ndi khomo la siwa. Asodzi akatuluka m'madzi, chambo chonona chinkadziwa chokha njira ya kwanga.

Kenako mwana wanga anakwatira Paula, mphunzitsi wa kusekondale.

Ndinene poyera, mpongozi wangayu ndilibe naye mlandu. Amagwada, amapereka madzi ndi manja awiri, sanandiyankhepo mwachipongwe. N'chimene chinkandipweteka kwambiri chimenecho. Munthu wamwano umamuda mtima uli m'malo, koma waulemu umasowa pomugwira.

Chaka chatha anamutumiza kumaphunziro ku Lichinga, nabwerako ndi kompyuta yokhala ndi pulogalamu yosanjira maganizo. Iye ankasanjiramo maphunziro a ana asukulu. Loweruka lina anabwera nayo pansi pa mtengo wa mango wa pakhomo panga.

"Amayi, taonani ichi," anatero.

Pagalasi panali mdima wokhawokha. Analemba dzina langa, ndipo mumdimamo munatuluka kampira koyera, kakulendewera popanda chokagwira. Analemba la malemu mwamuna wanga, kanatuluka kena. Anakoka ulusi kuchokera pa kanga kufika pa kawo, ana athu anawapachika mmunsi. Atatero anaika chala n'kukankha, ndipo zonsezo zinazungulira pamodzi ngati dengu lolendewera kudenga. Tinaziona chakumbuyo, tinaziona chapansi, kenako anatilowetsa mkati mwenimweni, timipira tikutidutsa uku ndi uku.

"Papepala mizere imadutsana n'kusokonekera," anatero Paula. "Umu muli malo kutsogolo, kumbuyo, pamwamba ndi pansi. Munthu mmoji angathe kumangika kumabanja anayi, ulusi osapotana."

Ndinangoti kukamwa yasa. Sikuti ndinadabwa ndi makinawo, ayi. Ndinadabwa chifukwa m'mutu mwanga mumaoneka chimodzimodzi. Moyo wanga wonse ndinkalephera kufotokozera anthu kuti mabanja sindiwaona pamzere, ndimawazungulira. Tsiku limenelo ndinaona mkati mwa mutu wanga muli pamiyendo ya mtsikana wa dzana.

"Zimene mujiwa inu zisatayike, amayi," anatero. "Tiziike umu."

Kutamandidwa n'koledzeretsa kuposa kachasu. Miyezi isanu, Loweruka lililonse, ndinkakhuthula maina iye akulemba. Uyu anabadwira ku Likoma, mayi ake ndi a ku Lunho. Uyu dzina ili analitenga kutsidya, lenileni ndi lakuti. Paula ankapaka mitundu: akuchikazi ofiira, akuchimuna obiriwira, omwalira otuwa. Mkati mwa kampira kalikonse ankaikamo mudzi ndi nambala ya foni. Pofika nthawi yokolola maina anali atapitirira chikwi, ndipo chinthucho chikazungulira chinkakongola kwabasi.

Tsiku limene ndinazindikira kuti ndadzikumbira dzenje ndimalikumbukira bwino. Ankhoswe awiri anatulukira panjira ya kwanga. Ndinakonza mpango, n'kutulutsa mipando. Anandipatsa moni bwinobwino, kundifunsa za bondo langa, kenako anapitirira kunyumba kwa Paula. Mipando ija ndinaibweza ndekha.

Kuyambira pamenepo zonse zinali "ukonde wa aporofesola," poti kuno mphunzitsi timamutchula choncho. Maliro akagwa, Paula ankangodina kampira ka womwalirayo, ulusi wonse womangika pamenepo n'kuyaka, maina ndi manambala n'kutuluka. Ntchito imene ine ndinkaigwira theka la tsiku nditatseka maso, iye ankaitha tiyi asanazizire. Pamaliro ena woyankhula anathokoza "aporofesola Paula ndi makina awo," anthu n'kuwomba m'manja mwakachetechete. Ine ndinali pomwepo, mkeka wachitatu kuchokera pakhomo. Paula anadzuka n'kunena kuti zonsezo anamuuza ndi apongozi ake, koma ndani anamva? Anthu anangoti taonani kudzichepetsa kwake mwanayu.

Chambo chija nacho chinasintha njira. Choipitsitsa n'chakuti Paula ankachiphika n'kundibweretsera m'mbale yovindikira, nsomba yanga yomwe, ine n'kumathokoza. Mayi wina pachigayo anandiseka kuti, "Tsabola wakale sawawa, a Albertina. Pumulani." Ndinaseka naye, koma tsiku limenelo sindinadye. Inali nsanje, ndipo ndinkaidziwa kuti ndi nsanje. Ndinkachitira nsanje mpongozi wanga chifukwa cha zinthu zimene ndinamupatsa ndi pakamwa panga.

Mwezi wa mwera, a Mathias anabwera kwanga ndi ndodo yawo. Anali msuweni wa malemu mwamuna wanga, choncho tinkaitanana alamu. Nthawi ya nkhondo tinathawira limodzi ku Likoma, ndipo kumeneko anabereka mwana wamkazi ndi mayi wina wogulitsa nsomba. Mwanayo ndi Sikudhani, amene tsopano ali pabanja ku Kobwe. Akazi awo a Keti anamwalira osadziwa. Jaime, mwana wawo wamkulu, ndi abale ake onse sankadziwanso. Amene tinkadziwa ku Msumba tinali awiri: iwo ndi ine.

"Alamu, mphamvu zikutha," anatero atakhala pansi. "A Keti anapita, palibenso womubisira. Mwana uja alowe mu ukonde wa mpongozi wanu. Ine pakamwa pandilemera kuuza mtsikana ngati uja zinthu zotere, ndipo ana anga ndikawayang'ana mawu amathawa. Nenani ndinu."

"Mwakalamba n'kuyamba manyazi?" ndinawaseka. "Ku Likoma kuja manyaziwo munawasiya m'boti?"

Anaseka mpaka kutsokomola. Kenako anatulutsa kapepala kolembapo nambala ya Sikudhani. "Siku langa likafika, mwanayu ajaone nkhope yanga. Ndinamulonjeza."

"Ndamva, alamu," ndinatero. Kapepalako ndinakaika m'buku langa la nyimbo.

Loweruka la sabata yomweyo Paula anabwera ndi kompyuta yake, ngati kuti wina wamutsina khutu. Anazunguliza mabanja onse aja mpaka tinawaona chakumbuyo. Kutali, kunja kwa onse, kunali kampira kamodzi kali kokha. Anandifotokozera kuti kampira kakakhala kopanda ulusi, makinawo amakakankhira kunja, ndipo poyang'ana chakutsogolo sikaoneka.

"Jina ili munalitchula siku lina n'kulisiya m'malere," anatero. "Sikudhani wa ku Kobwe. Alowa pati ameneyu, amayi?"

Ndinayang'ana kampirako, ndinayang'ananso chimulu cha maina chikwi chija. Zonsezo zinali zanga kale. Chimene chinatsala m'mutu mwanga, choti makinawo alibe, chinali ulusi umodzi wokhawu.

"Ameneyo ngwobwera," ndinatero. "Wogulitsa usipa chabe. Musiyeni."

"Ndifufute?"

"Musiyeni choncho."

Sindinkafuna kumulakwira Sikudhani, Mulungu ndi mboni. Ndinali ndi chiwembu changa, ndipo ndinkachiona chokoma. Tsiku la a Mathias likadzafika, makina adzatulutsa maina awo onse, kenako abanja adzabwera kwa ine monga kale n'kufunsa kuti, "A Albertina, tasiya yani?" Pamenepo ine ndidzatchula dzina limene ukonde wa aporofesola sulidziwa, pamaso pa anthu onse. Mawu a akulu akoma akagonera. Ndinkachita kuyeserera kanenedwe kake ndikamasenda chinangwa.

A Mathias anagwa m'munda mwawo Lachiwiri lina m'mawa, mwezi wa Seputembala, ndipo pofika nawo kunyumba anali atatisiya. Ndinamva kulira ndili pakhonde. Posakhalitsa ndinaona Jaime akuthamanga panjira ya kwanga. Sanayang'ane n'komwe kumbali, anapitirira kwa Paula.

Ndinavala chitenje chakuda, n'kutenga buku la nyimbo, n'kukhala pakhonde kudikira. Dzuwa lisanafike pamutu Paula anabwera, kompyuta ili m'manja.

"Amayi, taimbira onse. A ku Mtengula, a ku Lunho, a ku Likoma. Muone kaye, kapena taphonya wina."

Mwamva? Mwanayu anandifunsa. Ndikanangotsegula bukulo basi. Koma ine sindinkafuna kufunsidwa ndi iye, pakhonde, popanda mboni. Ndikamuuza pamenepo akanangokoka ulusi, anthu n'kutamanso makina ake. Ndinkafuna Jaime, ndinkafuna akuluakulu abanja, ndinkafuna pabwalo.

"Makina anu amaphonyanso ngati?" ndinatero.

Paula anagwetsa maso n'kubwerera.

Kusiwa Jaime anandigwira dzanja, ndinamupepesa, iye n'kunena kuti maliro aikidwa mawa, "duwazi ola," kutanthauza 2 koloko masana. Kunali kutentha kwa chilimwe, thupi silikanadikira. Ndinakhala pamkeka n'kumawerengera. Boti la ku Kobwe limanyamuka kamodzi patsiku, m'mamawa, ndipo limafika kuno dzuwa lili pamutu. Sikudhani akamva lero, mawa aipeza nkhope ya bambo ake isanatsekedwe. Ndinali ndi tsiku lonse lathunthu.

Akuluakulu abanja anakhala pansi pa mtengo kukambirana za bokosi ndi za adzukulu okumba manda. Mmodzi anayang'ana kumene ndinakhala, ine n'kuyamba kudzuka. Anangofuna kuti wina amupatsire madzi. Masana anapita. Kawiri konse ndinatsegula buku la nyimbo n'kuona kapepala kaja, kawiri konse ndinalitseka. Ndinkati dikira pang'ono, sangaike munthu ngati a Mathias osandifunsa ine. Dzuwa linapendeka, anthu anayamba kuyala mikeka ya ogona pamaliro, ndipo palibe anabwera.

Lachitatu kutacha ndinadziwa kuti boti lanyamuka kale. Apa nsanje inandisiya n'kundipereka m'manja mwa mantha. Ndikanena tsopano, adzafunsa kuti dzulo munali kuti? Ndinatseka pakamwa. Ndinaona nkhope ya alamu anga pamzere limodzi ndi anthu ena onse, ndinaimba nawo nyimbo, ndinaponya dothi langa. Woyankhula anathokoza aporofesola kuti palibe mbale ndi mmodzi yemwe amene anadumphidwa.

Loweruka masana tinamva kulira kuchokera kugombe. Kwathu kuno wobwera pamaliro amayambira kulira patali, choncho anthu anatuluka kuti aone mlendoyo. Anali mayi wa zaka ngati makumi atatu ndi zisanu, kathumba kali pamutu, akukwera njira yakumanda n'kumafuula, "Ababa anga ine! Ababa anga, simunandidikire!" Anthu anayang'anana. Koma atayandikira, panalibe wofunsa kuti ndi ndani. Mpata wa mano, mphumi, ngakhale kaponyedwe ka mwendo, anali a Mathias enieni atavala chitenje. Uthenga anaumva Lachisanu kwa munthu wa boti amene ankangocheza za maliro a ku Msumba.

Jaime anaima ngati chitsa. Kenako, poti ndi mwana woleredwa bwino, anamugwira dzanja n'kupita naye kumanda. Ine sindinapite nawo. Ndinabwerera kunyumba.

Dzuwa likadali pamwamba, Sikudhani anafika pakhomo panga, Paula akumulondolera njira. Anagwada, anandipatsa moni, maso ali otupa. Ndinamuona komaliza ali kamwana kakumbuyo, ku Likoma. Paula anapita kukatunga madzi akumwa n'kubwera kudzaima chapambali.

"Ndinu amayi Albertina," anatero Sikudhani. "Ababa ankakutchulani siku ndi siku akabwera ku Kobwe. Ankati, usade nkhawa mwanangu, siku langa ukamva msanga. Ku Msumba kuli Albertina, saiwala munthu."



Anamasula kathumba kake n'kutulutsa nsalu yoyera, yatsopano, yopindidwa bwino. "Iyi ndinagula chaka chatha, nditaona kuti ayamba kufooka. Ndinkati ndikawafunditse ndi manja anga." Anaisisita pang'ono. "Musajidandaule, amayi. Ndijiwa redi ya foni kwathu njovuta, pena imapita masiku awiri. Ndingofuna kumva kuti mtima ukhale pansi. Munayesa kangati?"

Akanandilalatira ndikanapeza poyankhira. Akananditukwana ndikanati mwana wopanda mwambo. Koma iye anabwera atandikonzera kale bodza loti ndibisalemo, n'kundiyalira ngati mkeka. Ndikanangoti katatu. Paula anali chiimire ndi kapu ya madzi, ndipo ndinaona pankhope pake kuti wakumbukira kampira kaja ndi wogulitsa usipa uja. 

"Sindinaimbe," ndinatero.

"Nambala inatayika?"

Ndinatsegula buku la nyimbo n'kumuonetsa kapepalako, zolemba za bambo ake zili pomwepo. "Inali pano. Ababa ako anandituma mwezi wa mwera. Ndinakusunga ngati chuma changa, kuti anthu ajiwe kuti ine ndijiwa kupambana makina a mpongozi wanga. Palibe chifukwa china, mwanangu. Ndi chimenecho."

Sikudhani anandiyang'ana. Sanalire, sanakweze mawu. Anatenga kapepalako, n'kukapinda, n'kukaika pachifuwa. Nsalu ija anaiika pamkeka, patsogolo panga.

"Iyi inagulidwira maliro a ku Msumba," anatero. "Ku Kobwe siibwerera. Sungani, poti kusunga mumatha."

Anadzuka n'kupita kwa abale ake. Madzi aja sanamwe.

Tinatsala awiri. Ndinkayembekeza kuti Paula anena kanthu, ngakhale kamodzi kokha m'moyo wake, kuti nanenso ndipeze chomudera. Anangotola kapu n'kumayang'ana kumbali.

"Katengeni makina anu," ndinatero.

Anabwera nawo n'kukhala pambali panga monga Loweruka lililonse. Mabanja onse a ku Msumba anatuluka mumdima muja, ofiira, obiriwira, otuwa.

"Zungulizani."

Anakankha ndi chala, zonse zinatembenuka, ndipo kampira kaja kanaoneka kunja, kali kokha pomwe ndinakasiya.

"Ndikoke kuchokera pati, amayi?" anafunsa motsitsa mawu, ngakhale ankadziwa.

Ndinaloza ka a Mathias. Kanali katasanduka kotuwa. Paula anakoka ulusi, ndipo utangogwira, kampira ka Sikudhani kanayenda kokha kuchoka kunja kuja n'kukakhala pakati pa Jaime ndi azichemwali ake. Ntchito imene ndinaikaniza miyezi itatu inatha ndisanaphethire.

"Pali winanso, amayi?"

"Palibe," ndinatero. Ulendo uno zinali zoona.

Ankhoswe amadutsabe pakhomo panga popita kwa Paula, koma masiku ano sandifunsanso za bondo. Nsalu yoyera ija ili m'sutikesi mwanga, pamwamba pa zovala zakutchalitchi, ndipo Lamulungu lililonse ndimayamba ndaichotsa kuti nditenge chovala.